Fomu ya Msonkho wa Pachaka: Kakonzedwe ndi Kaperekedwe Kake

Kabukuka ndi ka yani?

Munthu wa pantchito ukamufunsa za msonkho amayankha kuti zake zinatha kale, poti abwana amadula msonkho wa PAYE malipiro asanalowe ku banki. Ngati ndalama zanu zonse zimachokera kwa bwana mmodzi, yankholo ndi loona, ndipo kawirikawiri palibenso choti mulembe. Koma ndi makomo angati masiku ano amene akudalira malipiro okha? Aphunzitsi ali ndi kanyumba ka lendi kuseri kwa nyumba yaikulu. Anamwino ali ndi golosale pamsika. Wina ali ndi chigayo kumudzi, wina minibasi, wina amapereka nyemba ndi chimanga ku sukulu yogonera komweko, wina amaitanidwa ndi mabungwe kukaphunzitsa pa misonkhano n'kulandira kangachepe. Ndalama zam'mbali zoterezi nazonso zili ndi msonkho, ndipo mwini wake ayenera kuzinena yekha kamodzi pachaka ku bungwe la Malawi Revenue Authority, lija tonse timangoti MRA.

Fomu yonenera zimenezi a MRA amaitchula kuti return. Ikukhudzani ngati muli ndi bizinesi m'dzina lanu, ngati mumalandira lendi, ngati mumagwira ntchito ya luso lanu panokha, kapena ngati mumalandira malipiro kwa mabwana awiri. Ya mabwana awiriyi ambiri amaiphonya. Bwana aliyense akamawerengera PAYE akhoza kukusiyirani gawo la malipiro losadulidwa msonkho, pamene lamulo limapereka gawolo kamodzi kokha kwa munthu mmodzi. Chaka chikatha mumapezeka kuti munadulidwa zochepa osadziwa.

Akuluakulu amene anakula nthawi ya msonkho wa pamutu amakumbukira amuna akugona kutchire pothawa amesenjala, ndipo mantha amenewo anatsalira m'mabanja ambiri. Msonkho wa lero kawirikawiri umawerengeredwa pa phindu. Amene sanapindule salipira, ndipo amene anadulidwa zoposa muyezo ali ndi ufulu woitanitsa zotsalazo. Koma zonsezi zimatheka kwa munthu amene wapereka return ali ndi mapepala m'manja.

Yambani ndi TPIN

TPIN ndi nambala imene a MRA amakudziwirani nayo. Munthu amakhala ndi imodzi yokha, ndipo kulembetsa kwake n'kwaulere. Tengani chiphaso cha unzika, nambala ya foni ndi imelo imene mumaitsegula nokha. Ngati bizinesi yanu inalembetsedwa dzina kwa Registrar General, tenganinso satifiketi yake. MRA inayamba kugwira ntchito mu 2000, likulu lake lili ku Msonkho House mu Blantyre, ndipo ili ndi maofesi ku Lilongwe, Mzuzu, Zomba ndi m'maboma ena ambiri. Ogwira ntchito ambiri ali nayo kale TPIN chifukwa abwana awo amaifuna potumiza PAYE. Musanapite kukalembetsa funsani ku ofesi ya malipiro, kuopa kudzakhala ndi manambala awiri.

Mukapeza TPIN mumatsegula akaunti pa Msonkho Online, njira ya pa intaneti imene a MRA amalandirira ma return masiku ano. Apa pali chinthu chimodzi chimene chavutitsa anthu. Munthu amapita pa kafe ya intaneti, mnyamata wa pamenepo n'kumulembetsa ndi imelo yake ya iye mnyamatayo. Chaka chamawa kafeyo yatsekedwa, mnyamata ali ku Joni, ndipo makalata onse a MRA akupita kwa iyeyo. Imelo ndi foni zikhale zanu, pasiwedi muilembe m'kope losungika, ndipo amene akukuthandizani azilemba inu muli pomwepo.

Masiku oyenera kuzunguliza pa kalendala

Kale chaka cha boma chinkayamba pa 1 Julayi. Kuyambira mu 2022 chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi, ndipo anthu ambiri wamba amatsata chaka chomwechi. Amene ali ndi bizinesi imene mabuku ake amatsekedwa tsiku lina, monga pa 31 Disembala, amatsata tsiku limene analembetsa ku MRA.

Return iyenera kuperekedwa pasanathe masiku 180 chaka chanu chitatha. Kwa otseka pa 31 Malichi, mukawerenga pa kalendala masikuwa amathera m'sabata yomaliza ya Seputembala. Kwa otseka pa 31 Disembala amathera kumapeto kwa Juni. Msonkho wotsala umalipidwa nthawi yomweyo. Ine ndimalangiza kuti mudziikire tsiku lanulanu chakumayambiriro kwa mwezi, chifukwa sabata yomaliza aliyense amakhala pa Msonkho Online, mizere m'mabanki ndi yaitali, ndipo magetsi akhoza kuzima pa tsiku lolakwika.

Palinso msonkho wolipiriratu, uja amati provisional tax. Amene ali ndi ndalama zosadulidwa PAYE amayerekeza msonkho wa chaka chonse n'kumaupereka pang'onopang'ono miyezi itatu iliyonse, pofika pa 25 mwezi wotsatira. Kwa otsata chaka cha boma masikuwo ndi 25 Julayi, 25 Okutobala, 25 Januwale ndi 25 Epulo. Zonse zimene mwaperekeratu ziyenera kufika pa K90 mwa K100 iliyonse ya msonkho weniweni, apo ayi pamakhala chindapusa. Ena amadandaula kuti n'kulipira chaka chisanathe, komatu K100,000 kanayi ndi yopepukirapo kusiyana ndi K400,000 ya kamodzi mu Seputembala, mwezi womwe fizi ya temu yoyamba ndi feteleza zikukudikirani.

Mapepala

Ntchito yaikulu ya return ili pano. Kudzaza fomu pa kompyuta ndi kwa tsiku limodzi, koma zolembamo zimasonkhanitsidwa chaka chonse.

Kuntchito pemphani P9, pepala loonetsa malipiro anu onse a chaka ndi PAYE imene inadulidwa. Sunganinso mapeyisilipi a mwezi ndi mwezi kuti mufananitse.

Chachiwiri ndi masatifiketi a withholding tax, msonkho umene wokulipirani amadula asanakupatseni ndalama. Kampani kapena bungwe limene likuchita lendi nyumba yanu limadula K20 pa K100 iliyonse. Makampani ogula katundu kapena mbewu kwa inu amadula K3 pa K100. Banki nayo imadula pa chiwongoladzanja cha ndalama zimene mumasungitsa. Ndalama yodulidwayo sinatayike. Ndi msonkho wanu umene wapita kale ku MRA m'dzina lanu, ndipo pa return imachotsedwa pa zimene mukuyenera kulipira. Umboni wake ndi satifiketi imene wodulayo ayenera kukupatsani, yokhala ndi dzina lanu ndi TPIN yanu. Choncho aliyense amene amakudulani mumupatse TPIN tsiku loyamba, ndipo satifiketi muziitanitsa mwezi womwewo. Eni nyumba ambiri amachita manyazi kuvutitsa alendi olipira bwino, poopa kuti angasamuke. Mbewa ya manyazi inafera kuuna. Bungwe likatseka pulojekiti n'kuchoka, simudzapezanso wokulemberani satifiketi, ndipo ngati ndalamazo sizinalembedwe pa TPIN yanu mudzalipira kawiri. Mukalandira satifiketi, yang'anani ngati TPIN ili yolondola nambala ndi nambala, kenaka onani pa Msonkho Online ngati ndalamayo ikuoneka pa akaunti yanu. Kudula ndi kutumiza ku MRA ndi zinthu ziwiri, ndipo alipo amene amachita choyamba chokha.

Chachitatu ndi kope la bizinesi. Silifuna maphunziro a akauntanti. Gulani kope la chikuto cholimba. Tsamba la kumanzere lembani zolowa, la kumanja zotuluka, chilichonse ndi tsiku lake. Madzulo potseka golosale werengani ndalama za m'kabati, onjezani zimene zalowa pa Mpamba ndi pa Airtel Money, ndipo lembani. Katundu wotengedwa pa ngongole ndi malonda ndithu ngakhale ndalama isanabwere, choncho kope la angongole nalo lisungidwe. Shuga ndi sopo zimene mayi atapa pashelefu kupita nazo kukhitchini zilembedwe pamzere wakewake, chifukwa si zowonongeka ndipo si zotuluka za bizinesi. Pa 31 Malichi tsekani chitseko msanga, muwerenge katundu yense wotsala pa mtengo woodera. Popanda chiwerengero chimenechi phindu silidziwika, pakuti katundu amene akadali pashelefu sanagulitsidwe ndipo mtengo wake suchotsedwa chaka chino.

Chachinayi ndi malisiti. Lisiti la makina la m'masitolo akuluakulu limalembedwa pa kapepala kopyapyala kamene kamafufuta. Mukakasiya m'thumba la shati kapena pa dashibodi ya galimoto, pakatha miyezi ingapo mumapeza pepala loyera lopanda chilembo. Jambulani ndi foni tsiku lomwelo, lenilenilo mulimate m'kope kapena muliike mu envelopu ya mwezi umenewo. Amisiri a m'makwalala alibe malisiti, koma izi siziletsa. Gulani buku la malisiti la kaboni, ndipo mmisiri akatha ntchito lembani tsiku, dzina lake, foni yake, ntchito imene wagwira ndi ndalama, monga "kusintha malata 12 odontha pa nyumba ya lendi", iye asaine. Ngati mwamulipira pa foni, uthenga wa malipirowo musaufufute.

Pomaliza tengani masitetimenti a ku banki a chaka chonse. Ngati n'kotheka, ndalama za bizinesi zikhale ndi akaunti yake. Zikasakanikirana ndi za pakhomo, ngongole ya banki m'khonde, chithandizo cha mwana wanu wa ku Cape Town ndi za perekaniperekani wa paukwati zonse zimaoneka ngati malonda, ndipo ndi inu amene mudzavutike kufotokoza kuti si phindu. Mapepala onsewa musawataye return ikapita. Asungeni zaka zosachepera 7, poti a MRA ali ndi mphamvu yobwerera m'mbuyo kudzafufuza.

Zimene zimachotsedwa ndi zimene sizichotsedwa

Lamulo lake, la mu Taxation Act, ndi lalifupi: chimachotsedwa ndi chokhacho chimene munawononga pofuna kupeza ndalama zimene mukunenazo. Pa golosale ndiye katundu woodedwa amene wagulitsidwa, thiransipoti yokaodera, lendi ya shopu, malipiro a wogulitsa ndi a mlonda, laisensi ya ku khonsolo, mayunitsi a magetsi a shopuyo. Pa chigayo ndiye magetsi kapena dizilo, malamba, masefa ndi wogayitsa. Pa nyumba ya lendi ndiye kukonza zowonongeka, penti, kupopa chimbudzi, msonkho wa ku khonsolo ya mzinda, inshuwalansi, ndi komishoni ya amene amakutolererani lendi. Chiwongoladzanja cha ngongole imene munatengera bizinesiyo chimachotsedwa, koma ngongole yeniyeniyo ayi.

Fizi ya ana, chakudya cha pakhomo, bokosi la maliro, chakhumi, zovala, lendi ya nyumba imene mukukhalamo, zonsezi n'zofunika pa moyo koma si zotuluka za bizinesi. Chindapusa cha apolisi a pamsewu nachonso sichichotsedwa, ngakhale minibasiyo inali pa ntchito.

Pamene anthu amasokonezeka kwambiri ndi pa kusiyana kwa kukonza ndi kuwonjezera. Kusintha malata odontha, kubwezeretsa galasi losweka, kukonza mpope wophulika, kumeneko ndi kukonza, ndipo mtengo wake wonse umachotsedwa chaka chomwecho. Kumanga chipinda china, kuzunguliza mpanda wa njerwa pamene panalibe, kukumba mjigo, kumeneko ndi kuwonjezera chuma, ndipo sikulowa m'gulu la zokonza. Dzifunseni kuti: kodi ndabwezeretsa chinthu mmene chinalili, kapena ndaika chimene panalibe? Makina ndi galimoto za bizinesi zili ndi njira yawoyawo. Mukagula chigayo simuchotsa mtengo wonse chaka chimodzi. Mumachotsa gawo chaka ndi chaka motsata miyezo ya capital allowances. Ngati muli ndi zinthu zoterezi, kulipira akauntanti wovomerezeka chaka choyamba kuti akuyalireni ndondomeko yake si kutaya ndalama.

Chinthu chogwira ntchito ziwiri chimagawidwa. Galimoto imene m'mawa imaperekeza ana ku sukulu, masana n'kukaoda katundu, mafuta ake simungawalembe onse ku bizinesi. Chimodzimodzi mita imodzi ya magetsi yodyetsa nyumba ndi shopu. Ikani gawo loti mukhoza kulifotokoza osachita chibwibwi, ndipo mulembe m'kope mmene mwalipezera.

Bizinesi ikaluza musabise. Nenani kuluzako pa return, chifukwa lamulo limalola kuti kuchotsedwe pa phindu la zaka zotsatira. Amene sanapereke return chaka choluza amataya mwayi umenewu.

Tiwerengere limodzi

Miyezo ya msonkho imasintha nduna ya zachuma ikapereka bajeti ku Nyumba ya Malamulo, nthawi zina ngakhale pakati pa chaka. Mwachitsanzo, gawo losadulidwa msonkho linali K45,000 pamwezi, linakwera kufika K100,000 mu 2020, kenaka K150,000 mu 2024. Choncho gwiritsani ntchito miyezo ya chaka chimene mukulembera, imene a MRA amalengeza. Pano titenga ya chaka cha Epulo 2024 mpaka Malichi 2025, imene pachaka inali motere:

K1,800,000 yoyamba: palibe msonkho
K4,200,000 yotsatira: 25 peresenti
K24,600,000 yotsatira: 30 peresenti
Zopitirira K30,600,000: 35 peresenti

Tiyerekeze mayi wogwira ntchito mu ofesi ku Lilongwe amene amalandira K600,000 pamwezi. Pachaka ndi K7,200,000, ndipo PAYE yake ndi K117,500 pamwezi, kapena K1,410,000 pachaka. Ali ndi nyumba ku Area 25 imene bungwe lina likuchita lendi pa K300,000 pamwezi. Bungwelo limadula K60,000 n'kumupatsa K240,000, choncho pachaka ladula K720,000. Kuseri kuli kanyumba kamene banja lina limalipira K100,000 pamwezi, popanda chodulidwa.

Cholakwika choyamba chimene ambiri amachita ndi kulemba K240,000 imene inafika m'manja. Pa return mumalemba lendi yonse isanadulidwe. Nyumba yaikulu yabweretsa K3,600,000, kanyumba K1,200,000, pamodzi K4,800,000. Chaka chimenecho mayiyu anawononga K900,000 pa malata, penti ndi pulambala, ndi K100,000 ya ku khonsolo. Phindu la lendi latsala K3,800,000. Tikaphatikiza ndi malipiro, ndalama zoyenera msonkho ndi K11,000,000.

Pa K1,800,000 yoyamba palibe kanthu. Pa K4,200,000 yotsatira msonkho ndi K1,050,000. Yotsala ndi K5,000,000, ndipo 30 peresenti yake ndi K1,500,000. Msonkho wa chaka chonse ndi K2,550,000. Tichotsepo zimene zinapita kale, PAYE ya K1,410,000 ndi withholding tax ya K720,000, pamodzi K2,130,000. Mayiyu watsala ndi K420,000, imene akanayenera kuipereka pang'onopang'ono ngati provisional tax, cha m'ma K105,000 miyezi itatu iliyonse.

Taonani chifukwa chake watsala ndi ngongole ngakhale bungwe linkadula mokhulupirika. Malipiro ake anadya kale gawo laulere ndi gawo la 25 peresenti, ndiye kwacha iliyonse ya lendi ikugwera pa 30 peresenti, pamene bungwe linkadula 20 yokha ndipo a m'kanyumba sankadula konse.

Tsopano tichotse mapepala. Popanda malisiti a amisiri ndi a ku khonsolo, K1,000,000 ija sichotsedwa, ndipo msonkho ukwera ndi K300,000. Popanda umboni wa withholding tax, K720,000 ija iyenera kulipidwanso. Ngongole ya K420,000 yasanduka K1,440,000 chifukwa cha mapepala okwana mu envelopu imodzi.

Pamene boma ndilo lili ndi ngongole kwa inu

Tiyerekezenso bambo wachikulire amene alibe ndalama zina koma lendi ya nyumba imodzi, K200,000 pamwezi, yochokera ku kampani. Pachaka ndi K2,400,000, ndipo kampani yadula K480,000. Wakonzetsa zinthu za K200,000, phindu n'kutsala K2,200,000. Pa miyezo yomwe ija, K1,800,000 ilibe msonkho, ndipo 25 peresenti ya K400,000 yotsala ndi K100,000. Bamboyu wadulidwa K480,000 pamene msonkho wake ndi K100,000. K380,000 ndi yake.

Anthu otere ndi ambiri, makamaka amasiye ndi okalamba amene akudalira nyumba imodzi, ndipo ambiri mwa iwo sapereka return poopa kuti akadziyamba dala. A MRA sangakubwezereni ndalama imene simunaitanitse. Perekani return, lembani kalata yopempha kubwezeredwa, phatikizani masatifiketi: njira yake ndi imeneyo. Kunena zoona, ndalamayo sibwera msanga. Amayamba afufuza mapepala, ndipo ngati muli ndi ngongole ina ya msonkho amayamba achotsa imeneyo. Mukhozanso kupempha kuti yotsalayo ikhale pa akaunti yanu kuti idzalipire msonkho wa mtsogolo. 

Kudzaza ndi kulipira

Musanatsegule kompyuta, lembani zonse pa pepala limodzi monga tachitira pamwambapa: malipiro, lendi, malonda, zochotsedwa, ndi msonkho umene unapita kale. Wa bizinesi akonzenso tsamba loonetsa malonda, mtengo wa katundu wogulitsidwa, zotuluka ndi phindu, komanso mndandanda wa katundu ndi ngongole za bizinesi pa tsiku lotseka chaka.

Lowani pa Msonkho Online, sankhani return ya income tax, ndipo onetsetsani kuti chaka chake ndi cholondola. Lembani ndalama za mtundu uliwonse pamalo pake, osaphatikiza lendi ndi malonda pamzere umodzi. Makina akawerengera msonkho, fananitsani ndi wa pa pepala lanu. Zikasiyana kwambiri musatumize, fufuzani kaye. Kawirikawiri vuto limakhala ziro wowonjezera kapena satifiketi imene sinalembedwe pa TPIN yanu. Mukatumiza, sindikizani umboni woti yalandiridwa.

Kutumiza return si kulipira. Polipira mumatulutsa nambala yotchedwa PRN pa Msonkho Online pomwepo, n'kukalipira nayo ku banki kapena kudzera pa njira za banki za pa foni ndi pa intaneti. PRN iliyonse ndi ya msonkho umodzi ndi nthawi imodzi, choncho yakale musaigwiritsenso ntchito. Msonkho superekedwa m'manja mwa munthu, kaya wavala yunifolomu kaya ali ndi chitupa. Madobadoba amene amazungulira pa zipata za maofesi n'kumati akuchepetserani msonkho mukawapatsa ya fanta, mapepala awo ndi amene amadzakugwetsani m'mavuto, pakuti wosaina return ndinu ndipo woyankha mlandu ndinu.

Ngati ndalama yolipira palibe, perekani return pa nthawi yake basi. Kuchedwetsa return kuli ndi chindapusa chake, kuchedwetsa malipiro kulinso ndi chake pamodzi ndi chiwongoladzanja, ndiye palibe chifukwa chosenza ziwiri. Pitani ku ofesi mukapemphe kulipira pang'onopang'ono, ndipo mgwirizanowo ulembedwe. Ngati bizinesi sinayende chaka chonse, perekani return yoonetsa kuti palibe chinalowa. Ngati mwaitsekeratu, lemberani a MRA kalata. Mukangokhala chete, makina amakuonani ngati wozemba ndipo zindapusa zimangounjikana.

Mabizinesi ang'onoang'ono

Kuyambira mu 2021 pali msonkho wotchedwa presumptive tax, wa mabizinesi a munthu payekha amene malonda awo onse pachaka safika K12.5 miliyoni. M'malo mowerengera phindu, munthu amalipira ndalama yoikika malinga ndi kukula kwa malonda ake, ndipo pamene unkayamba, a malonda osapitirira K4 miliyoni sankalipira kanthu. Muyezo wake ndi malonda onse, osati phindu, choncho kope la zolowa likufunikabe. Polembetsa TPIN fotokozani bwino mtundu wa ndalama zimene mumapeza kuti akuikeni m'gulu loyenera.

Abale amene ali kunja

Dziko la Malawi limadula msonkho pa ndalama zopezeka m'Malawi muno. Malipiro a mwana wanu amene akugwira ntchito ku Johannesburg kapena ku Leeds amadulidwa komweko, ndipo chithandizo chimene amakutumizirani si phindu lanu la bizinesi. Koma akamanga nyumba ku Chilomoni kapena ku Katoto n'kuikamo alendi, lendiyo ndi ya m'Malawi ndipo ili ndi msonkho kuno, ngakhale mwini wake atakhala zaka osabwera. Kwa munthu amene sakhala m'dziko muno pali msonkho wake wapadera wa 15 peresenti. M'bale amene akutolera lendi aonetsetse kuti TPIN ndi malisiti zili m'dzina la mwini nyumba, kuopa kuti ndalamazo zingawerengedwe ngati zake.

A MRA akatsutsa

Nthawi zina a MRA amaunika return n'kukutumizirani chiwerengero chawo chosiyana ndi chanu, ndipo amene sanapereke return amamuyerekezera okha. Kalata yotere isagone m'kabati. Muli ndi masiku 30 olembera mkulu wa MRA, Commissioner General, kuti simukugwirizana nazo, mofotokoza mzere umene walakwika ndi umboni wake. Kungoti "msonkhowu wachuluka" si chifukwa. Mukapanda kukhutira ndi yankho, nkhani imapita ku Revenue Appeals Tribunal, bwalo limene lamulo lake linakhazikitsidwa mu 2021. Kalata iliyonse imene mwapereka ku ofesi, kope lake lidindidwe ndipo libwerere nanu kunyumba. Mukazindikira nokha kuti munaiwala ndalama ina, kanenani iwo asanaipeze.

Ambiri amakumbukira return tsiku limene akufuna Tax Clearance Certificate, pepala lotsimikiza kuti za msonkho wawo zili bwino, pamene akupikisana nawo pa tenda ya boma kapena akusintha umwini wa malo ndi nyumba. Pamenepo amauzidwa kuti ayambe akonza zaka zonse za m'mbuyo pamodzi ndi zindapusa zake, wogula akudikira, tenda ikutsekedwa mawa. Ngati muli ndi zaka zimene simunapereke, pitani nokha ku ofesi ya MRA ya kufupi nanu ndi mapepala amene alipo, mukafunse poyambira. Ndipo mwezi uno usanathe, lemberani aliyense amene amakudulani withholding tax kuti akupatseni masatifiketi a miyezi yonse ya chaka chino.